Mawu a pa Menyu ndi a M'mabokosi a Mafunso: Kuunika Kamasuliridwe Kake

Pamene bungwe la Chichewa Board linkatulutsa malamulo a kalembedwe ka Chicheŵa mu 1973, ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, maso ake adali pa buku, nyuzipepala ndi bolodi la m'kalasi. Bungwelo lidatha mu 1995, ndipo mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Kuchokera nthaŵi imeneyo chinenero chathu chapeza malo ena olembedwapo amene malamulowo sadawaganizire, ndiwo galasi la kompyuta, la tabuleti ndi la foni. Airtel Money idayamba m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro udayamba pulogalamu ya BEFIT imene ana a m'makalasi oyambirira amaphunziramo kuŵerenga ndi masamu pa tabuleti. Motero anthu amene sadagwirepo taipi tsopano akuyankha mafunso a makina.

M'nkhani ino tiunika m'mene omasulira akutembenuzira mawu a pa menyu ndi a m'mabokosi a mafunso. Muyeso wathu sukhala katswiri wa mumzinda amene akhoza kubwerera ku Chingerezi Chicheŵa chikamusokoneza. Tiyesa mawu aliwonse ndi khutu la anthu a ku Chinguluwe m'boma la Salima: mlimi wa thonje amene akutumiza ndalama, mlangizi wa zaulimi amene akulemba maina a alimi, ndi mphunzitsi amene akusunga malikisi a ana. Kwa ena a m'bomali chinenero cha pakhomo ndi Chiyao, choncho Chicheŵa chimene aŵerenge chiyenera kukhala chosakuluŵika.

Zenera, menyu ndi bokosi

Pa kompyuta ya patebulo pamakhala pulogalamu yoyendetsa mazenera, ndiko kuti timagawo tamakona anayi timene ntchito iliyonse imaonekeramo. Menyu ndi mndandanda wa zochita umene munthu amasankhapo, pamene bokosi la mafunso ndi kazenera kamene kamatulukira makina akafuna yankho asanapitirize. Kachitidwe aka kadafala ndi Macintosh mu 1984 ndi Windows mu 1985.

Mawu oti "zenera" tikuwavomereza, pakuti fanizo lake limamveka ngakhale kumudzi. Mawu oti "menyu" ndi obwereka, koma ngafupi ndipo aloŵa kale m'gulu la maina, popeza timati menyu iyi, mamenyu aŵa. Anzathu a Chiswahili nawonso adawabwereka. Chimene sitingavomereze ndicho kutcha bokosi lija "kukambirana" potsata Chingerezi, chifukwa kukambirana ndi kwa anthu okhala pabwalo, pamene apa makina angofunsa funso limodzi nadikira.

Mawu a pa menyu sadamatiriridwe m'makina. Pa FVWM, pulogalamu yoyendetsa mazenera imene Robert Nation adayamba mu 1993, menyu imalembedwa m'fayilo wamba, mzere uliwonse uli ndi mawu oti aoneke ndi lamulo loti lichitike. Mapulogalamu ambiri a Linux amasunga zomasulira m'mafayilo apadera kudzera mu gettext, ndipo chinenero chathu chili ndi chizindikiro chake, ny. Ubwino wake ngwakuti mphunzitsi wodziŵa makina akhoza kuika Chicheŵa pa menyu popanda kupempha chilolezo kwa wina. Kuipa kwake nkwakuti aliyense amaika mawu ake, ndipo zolakwa zimene zikutsatirazi zimabadwira pamenepo.

Akulankhula ndani?

Chingerezi chili ndi mawonekedwe amodzi a mneni wolamula, koma Chicheŵa chimasiyanitsa "tsegula" ndi "tsegulani". Omasulira ambiri, poopa kuoneka amwano, amaika -ni paliponse: Tsegulani, Sungani, Tsekani. Ena amasakaniza mitundu yonse iŵiri pa menyu imodzi. Onseŵa sadadzifunse kuti mwini mawuwo ndani.

Pa menyu ndi pa batani wolankhula ndi munthu, ndipo akulamula chida. Palibe amene amapatsa ulemu khasu. Choncho payenera kulembedwa Tsegula, Sunga, Tseka, Tumiza. M'kati mwa bokosi la mafunso wolankhula ndi makina, ndipo akulankhula kwa munthu amene mwina ndi agogo kapena a mfumu. Pamenepo ulemu ngwofunika: "Lembani dzina la fayilo", "Kodi mukufuna kupitiriza?" Kusiyanitsa kumeneku kumathandiza woŵerenga kuzindikira msanga mawu oti amvere ndi mawu oti adinepo. Apa chinenero chathu chili ndi chida chimene Chingerezi chilibe, ndipo nzachisoni kuchitaya.

Enanso amathaŵira kwa ku-, nalemba Kutsegula, Kusunga, Kutseka, Kusindikiza. Diso likamayenda pa menyu limagwira malembo oyamba, ndipo apa onse ndi ofanana. Ndiponso pa menyu zambiri chilembo chimodzi cha mawu alionse chimadulidwa mzere kunsi kuti wodina chilembocho asankhe popanda kulozera. Mawu onse akayamba ndi k, njira yachiduleyi imavuta kuikonza. Ngakhale titachotsa ku-, Tsegula ndi Tseka amafanana malembo atatu oyamba pamene ntchito zawo nzotsutsana. Wokonza menyu asawaike moyandikana, ndipo adule mzere pa g ndi pa k.

Inde ndi ayi

Cholakwa choopsa koposa chili pa funso lokana. Mngerezi akafunsidwa ngati sakufuna kusunga, yankho lake lovomera limatanthauza kuti akufuna. Mcheŵa akafunsidwa kuti, "Kodi simukufuna kusunga?" nayankha kuti "Inde", wavomereza kukanako: inde, sindikufuna. Akati "Ayi", kaŵirikaŵiri akutanthauza kuti akufuna. Koma wolemba pulogalamu adalumikiza mabatani potsata maganizo a Chingerezi. Motero mlangizi wa ku Chinguluwe amene wakhala tsiku lonse akulemba maina a alimi ndi kukula kwa minda yawo akhoza kudina "Ayi" ali ndi mtima wosunga, ntchito yonse nkutayika. Iye sadalakwe Chicheŵa. Adalakwa ndi womasulira.

Mankhwala ake ngaŵiri. Choyamba, funso lokana lisapezeke m'bokosi. Chachiŵiri, mabatani azinena ntchito yeniyeni m'malo mwa inde ndi ayi: Sunga, Usasunge, Leka. Pa nkhani ya ndalama batani loti "Tumiza K20,000" limachenjeza kuposa loti "Inde", chifukwa munthu amaŵerenganso zimene akuchita chala chisanatsike.

Batani la OK nalonso nlofunika kuliganizira. Mbiri yake imatiphunzitsa kanthu. Pamene a Apple ankayesa kompyuta ya Lisa, imene idatuluka mu 1983, batanilo lidalembedwa kuti "Do It", ndipo wina woyesa adaŵerenga mawuwo ngati "Dolt", kutanthauza chitsiru, nakana kulidina. Adalisintha ataona munthu akuvutika nalo. Kwathu kuno ambiri amalemba "Chabwino", ndipo nzoyenera pamene munthu akuvomereza zimene wasankha. Koma makina akanena kuti ndalama sizinapite, kumuyankhitsa munthu kuti "Chabwino" nkumuseka. Pamenepo mawu oyenera ndi "Ndamva".

Kuleka, kuchotsa ndi kufufuta

Mawu a Chingerezi oti "cancel" amasuliridwa mosiyanasiyana: letsa, thetsa, siya, leka. Kuletsa ndi kukaniza wina kuchita chinthu. Kuthetsa ndi kupha chinthu chimene chilipo kale, monga ukwati kapena mgwirizano, ndipo mlimi woona batani loti "Thetsa" akhoza kuopa kuti atseketsa akaunti yake. Chimene batanilo limachita ndi kungosiya zimene munthu amafuna kuyamba, zonse nkukhala monga zidaliri. Mawu ake ndi "Leka".

Momwemonso kuchotsa ndi kufufuta si chinthu chimodzi. Chochotsedwa chimakhalapobe kwina, monga m'mene timachotsera mbale pamphasa. Chofufutidwa chatha, monga malemba a pa bolodi. Makompyuta ali ndi malo oikako zotayidwa kumene munthu akhoza kukazitolanso, ndipo dzina lake lachibadwidwe ndi "dzala". Choncho menyu ikhale ndi "Taya kudzala" pa zimene zingabwezedwe, ndi "Fufutiratu" pa zosabwerera. Kachidutswa ka -ratu kakunena m'malembo anayi zimene Chingerezi chimafuna chiganizo chochenjeza kuti chinene.

Palinso mawu oti "Zokonda" amene ena amaika pa malo osinthira chinenero, kukula kwa malembo ndi mtundu wa zenera. Woŵerenga amayembekezera kupezamo nyimbo kapena zithunzi zimene amakonda. "Makonzedwe" akulozera bwino ntchito ya malowo. Zolakwa zotere zachuluka chifukwa chodalira makina omasulira, makamaka chiyambire pamene Google Translate idalandira Chicheŵa mu Disembala 2014. Makinawo ngothandiza pa chiganizo chathunthu, koma akapatsidwa liwu limodzi lokha, monga "save", alibe podziŵira ngati ndi kusunga kalata kapena kupulumutsa womira m'nyanja.

Mgwirizano wa maina ndi aneni

Olemba mapulogalamu amakonda chiganizo chokhala ndi mpata umene makina amadzazamo dzina la chinthu. M'Chingerezi mneni sasintha, koma m'Chicheŵa amatsata gulu la dzina. Womasulira akalemba kuti "... yafufutidwa", chiganizo chimayenda pa kalata ndi fayilo, koma chimatulutsa "chithunzi yafufutidwa" ndi "lipoti yafufutidwa". Mwana wa Sitandade 2 akaŵerenga zotere tsiku ndi tsiku pa makina a kusukulu, mphunzitsi adzavutika kumuuza kuti nzolakwika.

Njira yozembera vutoli ilipo m'chinenero momwemo. Tikapereka ntchitoyo kwa munthu, mneni sadaliranso gulu la chinthucho: "Mwafufuta chithunzi", "Mwafufuta lipoti", "Mwafufuta maina". Kapena tikhoza kutsogoza dzina losasintha: "Fayilo iyi yasungidwa", dzina lake nkubwera pambuyo. Pa ziŵerengero, nambala itsate dzina monga timalankhulira, "mafayilo 3", ndipo womasulira adzaze mipata yonse iŵiri imene gettext imapereka, wa chimodzi ndi wa zambiri, kuti tisaone "mafayilo 1 asungidwa".

Kalembedwe

Lamulo lodziŵika limati pambuyo pa e ndi i timalemba r, monga mu "lembera" ndi "bwerera". Tikalitsata mouma khosi tidzalemba "fayiro" ndi "imero". Komabe anthu adazoloŵera kale "wayilesi" ndi "filimu", ndipo maganizo athu ngakuti mawu obwereka asunge l wawo. Chofunika nchakuti pasankhidwe kalembedwe kamodzi. Munthu amadziŵa kuti fayilo, failo ndi fayiro ndi chinthu chimodzi, koma kwa makina ofufuza ameneŵa ndi mawu atatu.

Chilembo cha ŵ chili ndi vuto lofanana. Makina amatha kuchionetsa, pakuti chinenero cha ku Wales nachonso chimachigwiritsa ntchito, koma pa kiyibodi wamba palibe batani lake. Kalaliki mmodzi akalemba dzina la mudzi ndi ŵ, mnzake nalifufuza ndi w, mapulogalamu ena amayankha kuti mudziwo kulibe. Okonza mapulogalamu auzidwe kuti pofufuza zilembo ziŵirizi ziziŵerengedwa ngati chimodzi.

Zoyamikika ndi zoyenera kuchita

Sikuti zonse nzolakwika. Sunga, tumiza, dula, mata, sindikiza, dina ndi nambala yachinsinsi ndi mawu amene akhazikika bwino, ndipo akhazikika chifukwa adatengedwa pakamwa pa anthu, osati kupekedwa mu ofesi. Mawu aŵiriaŵiri monga tseka ndi tsegula, mata ndi matula, akuonetsa kuti chinenerochi chili ndi njira yakeyake yonenera kuchita ndi kubweza, imene omasulira sanaigwiritse ntchito mokwanira.

Anzathu adationetsa njira. Ku South Africa bungwe la Translate.org.za lidayamba mu 2001 kumasulira mapulogalamu m'zinenero za dzikolo. Ku Tanzania, Jambo OpenOffice ya Chiswahili idatuluka mu 2004 mogwirizana ndi yunivesite ya Dar es Salaam, ndipo omasulira adayamba agwirizana pa mndandanda wa mawu. Ifenso tikusoŵa mndandanda wotere, waufupi, wa mawu a pa menyu ndi pa mabatani, wokhala ndi malangizo a ulemu, a mafunso okana ndi a mgwirizano wa maina. Akatswiri a zinenero, aphunzitsi, aulutsi a pa wayilesi ndi olemba mapulogalamu aukonzere pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mndandandawo usadindidwe usanayesedwe. Upite ku Chinguluwe ndi kumadera ena otere, bokosi lililonse lionetsedwe kwa alimi, alangizi ndi aphunzitsi, ndipo aliyense afunsidwe kuti, "Mukadina apa, chichitike nchiyani?" Mawu amene anthu ambiri ayankha molondola alembedwe, amene asokoneza anthu abwerere kwa akatswiri, ngakhale atakhala okoma chotani m'makutu.