Chimene Chimatibwezera ku Buku Lomwe Tidalimaliza Kale

Funso loti "mukuwerenga chiyani masiku ano" limapeza mayankho ambiri. Mwana wa Folomu 4 atchula buku la mayeso. Mayi wa mvano atchula Baibulo ndi buku la nyimbo. Mnyamata wa m'tauni akutulutsirani foni n'kukuonetsani nkhani ya magawomagawo pa Facebook, imene gawo lake lotsatira akulidikira usiku womwewo. Koma mukalitembenuza funsolo n'kufunsa kuti ndi buku liti la Chichewa limene munthu adaliwerenga kawiri kapena katatu popanda mphunzitsi womuimirira, mayina amachepa, ndipo otsalawo amakhala omwewomwewo: Nthondo la Samuel Ntara, Sikusinja ndi Gwenembe komanso Kukula ndi Mwambo a John Gwengwe, Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba.

Ena amati n'chifukwa chakuti mabuku a Chichewa ndi ochepa, ndiye owerenga amangozungulira pomwepo. Zimenezo n'zoona pang'ono chabe. Alipo mabuku ena amene tidawagwira m'kalasi limodzi ndi awa, koma lero ngakhale mitu yake sitiikumbuka. Ine ndimaona kuti kusiyana kwagona pa luso la mlembi, ndipo luso limeneli limaonekera bwino munthu akamawerenga kachiwiri.

Ulendo woyamba munthu amakokedwa ndi mtima wofuna kudziwa mathero. Amathamanga, amalumpha ndime zofotokoza mudzi ndi nyengo, amakhululukira mlembi ziganizo zopindika bola nkhani ikuyenda. Ulendo wachiwiri mtima umenewo sukhalaponso. Wofa tikumudziwa kale, wokwatiwa tikumudziwa kale. Chotsala ndi mawu enieniwo: mmene chiganizo chikugwera m'khutu, mmene mkamwini akuyankhira apongozi ake, pamene mlembi wachedwa dala ndi pamene wafulumira. Buku limene linkadalira chinsinsi cha mathero chokha limafera pomwepo.

Nthondo ndi buku labwino loyesera zimenezi chifukwa lilibe chinsinsi chilichonse choti libise. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma pamene ankalilemba. Lidapambana pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, lidasindikizidwa mu 1933, ndipo chaka chotsatira Thomas Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa, Julian Huxley n'kulemba mawu otsogolera. Kamangidwe kake n'kowongoka: moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira. Mwana akukula mopulupudza, akuba, akupita kutali kukafuna ntchito, akubwerera kwawo, akulowa ufumu, akutembenuka mtima n'kukhala Mkhristu. Aliyense amene adalemba mayeso a Chichewa pa bukuli angathe kulifotokoza lonse asanamalize kumwa kapu ya tiyi. Komabe anthu amalibwerera.

Chimene amabwerera, mmene ndikuonera ine, ndi mudzi umene Ntara adaumanga mozungulira munthu mmodziyo. Mwambo m'buku limeneli suima pawokha kuti tiuphunzire. Umabwera chifukwa wina wadwala, wina wamwalira, wina walakwa ndipo akuluakulu ayenera kukambirana. Ntara ankadziwa kuti Mchewa salankhula chimodzimodzi kwa mnzake wa kubusa, kwa amalume ake ndi kwa amfumu, ndipo amalola anthu ake kulankhula mwa dongosolo limenelo, ndi kuzungulira kwake konse. Wowerenga koyamba amaona ngati akuluakuluwo akuchedwetsa nkhani. Wobwereza amazindikira kuti nkhani yeniyeni ili m'kuzungulirako: ndani wayamba kulankhula, ndani wakhala chete, ndani wavomera ndi pakamwa mtima uli kwina. Munthu wa zaka 17 amawerenga Nthondo ali kumbali ya mnyamata wosamvayo. Akafika zaka 45, ali ndi ana ake omupweteketsa mutu, amapezeka kuti wakhala kumbali ya makolo, ndipo ndime zomwe ankazilumpha zija ndi zimene zikumugwira tsopano. Mlembi amene sadapatse makolowo mawu awoawo sakadatha kumulandira wowerenga wachiwiriyu.

Pali mbali ina imene kubwereza kumaiulula, ndipo ndiyenera kuinena ngakhale bukuli ndimalikonda. Nthondo wopulupudza ali ndi moyo kuposa Nthondo wotembenuka. Pamene akulakwa timamuona ndi maso: njala yake, mantha ake, mabodza ake. Akayandikira kumathero, mlembi amayamba kutiuza zambiri kuposa zimene akutionetsa, ndipo phazi lake limafulumira. Sindikutsutsa kutembenuka mtimako; anthu ambiri a m'badwo wa Ntara adayendadi njira imeneyo moona mtima, ndipo buku lotuluka pa mishoni m'zaka zimenezo silikadathera kwina. Dandaulo langa ndi la luso basi. Kusintha kwa mtima wa munthu ndi chinthu chovuta kuchilemba kuposa kuba nkhuku, ndipo kunkafunika kuleza komwe kuja kumene mlembi adaonetsa pa ubwana wa Nthondo. Chizolowezi chothamangira phunziro kumapeto chidatsalira m'zolemba zathu zambiri kufikira lero.

Gwengwe adadzera njira ina. Sikusinja ndi Gwenembe ndi nthano imene idachoka pakamwa n'kulowa m'buku: munthu wapha mbale wake chifukwa cha nsanje, akuganiza kuti palibe wamuona, koma mbalame ikumutsata ndi nyimbo youlula zimene wachita. Apa ndiye kudziwa mathero sikuchotsa kanthu ngakhale pang'ono. Nthano idapangidwa kuti izibwerezedwa. Ana akamayankha kuti "tili tonse" madzulo pabwalo, ambiri a iwo nthanoyo adaimva kale, ndipo wosimba akalumpha nyimbo amamubweza. Chokoma chili m'kudikira chinthu chimene ukudziwa kuti chikubwera. Mbalame ija ikabweranso, mawu ake ndi omwewo, koma wakuphayo wayandikira kumudzi, ndiye kulemera kwa mawuwo kwawonjezeka. Kubwereza kotere ndi chida, ndipo alembi athu oyambirira ankachigwira mosachita manyazi. Alembi ambiri a lero adaphunzitsidwa kuti kubwereza mawu ndi kulephera, choncho amachithawa, n'kutaya chinthu chimene khutu la Mchewa limachikonda kwambiri.

Ndiyese kuonetsa pafupi zimene ndikutanthauza ndikamati khutu, ndi ziganizo ziwiri zongopeka ndekha. Wina angalembe kuti: "Mayiyo adakhumudwa kwambiri atamva uthengawo ndipo adasowa chonena." Palibe cholakwika, koma chiganizochi mukachiwerenga kamodzi mwathana nacho. Wina n'kulemba kuti: "Mayi aja adangoti chete, chipande chili m'manja, nsima n'kumapserera pamoto." Apa mawu oti kukhumudwa sadatchulidwe, koma tamuona munthuyo, tamva fungo la nsima yopserera, ndipo tadziwa kuti uthengawo wafika nthawi ya chakudya, ana ali pafupi. Chiganizo chachiwirichi chili ndi malo oti wowerenga alowemo ndi zake, ndipo akabweranso chaka china adzalowamo ndi zina. Chichewa chili ndi zida zambiri zochitira zimenezi: mvekero monga zii, phee, balamanthu, "uja" ndi "kuja" zokumbutsa chinthu chimene wolemba ndi wowerenga akuchidziwa onse, "a" waulemu amene akangochotsedwa pa dzina la munthu ndiye kuti ubale wasokonekera. Mabuku amene timawabwerera ndi amene adagwiritsa ntchito zida zimenezi pamalo pake. Zingani adazitengera m'moyo wa masiku ake, wa ntchito, ndalama ndi umphawi, n'kuonetsa kuti sizigwira ntchito kumudzi kokha.

Mikuluwiko nayo imayesedwa pa kubwereza. Mlembi akaiwaza paliponse pofuna kuonetsa kuti Chichewa amachidziwa, ulendo wachiwiri imatopetsa. Ikatuluka m'kamwa mwa mpangankhani amene akufuna kupambana mlandu, kapena kudzudzula mnzake mosamuchititsa manyazi, imakhala mbali ya zochitika, ndipo siikalamba.

Buku limene Amalawi amalibwereza kuposa lina lililonse ndi Baibulo, ndipo nalo likuchitira umboni mfundo yomweyi. Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922, ntchito yomasulira itatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni yomwe ija ya Nkhoma. Buku Loyera lidabwera mu 1998 ndi Chichewa chofewa, chapafupi ndi mmene timalankhulira. Komabe pamaliro ndi pamaulaliki mudzamva achikulire ambiri akutchula mavesi m'mawu a Buku Lopatulika, ngakhale ena mwa mawuwo sagwiritsidwanso ntchito kumsika. Tanthauzo akhoza kulipeza m'mabuku onse awiri. Chimene sakufuna kusiyana nacho ndi kamvekedwe kamene kadakhazikika m'makutu mwawo.

Nanga zimene tikuwerenga lerozi? Nkhani za pa Facebook ndi pa WhatsApp ndimazilemekeza, chifukwa zachititsa achinyamata ambiri kuwerenga Chichewa tsiku ndi tsiku popanda wowatuma, ndipo zina zili ndi makambirano amoyo, a Chichewa cha mu minibasi ndi cha pa sukulu. Vuto lake n'lakuti gawo lililonse limamangidwa kuti lithere pamalo opachika mtima, kuti wowerenga abwere mawa. Luso limenelo ndi lenileni, koma ndi la ulendo umodzi. Nkhaniyo ikatha, ndi ochepa amene amabwerera ku gawo loyamba. Nkhani zazifupi za m'masamba a Chichewa a nyuzipepala, monga Tikambe ndi Msangulutso, zili ndi mpanipani wina: malo ndi ochepa, ndiye mlembi amakakamizika kufotokoza mwachidule zaka khumi za banja m'ndime ziwiri kuti afike pa chilango cha wolakwa. Ndikadakonda mlembi wotere akadasankha madzulo amodzi okha a banjalo n'kukhalapo, kutionetsa amene wakana kudya ndi amene watuluka panja. Nyemba zophikidwa mofatsa ndi zimene zimakoma zikagonera.

Kusukulu nako kubwereza kwasanduka chinthu china. Ana amabwereza manotsi: apangankhani, malo ndi nthawi, mfundo zazikulu, maphunziro opezekamo. Ndidaonapo buku la Nthondo la pa sukulu ina, lokutidwa ndi pepala la thumba la simenti, chidindo cha sukulu chili pa tsamba loyamba. M'mbali mwa masamba munali modzaza zolemba za ana amene adaligwira zaka zosiyanasiyana, ena ndi pensulo, ena ndi bolopeni: apa "umbava", apo "ulemu", apo "kufunika komvera makolo". Sindidapeze paliponse pamene mwana adadula mzere kunsi kwa chiganizo chifukwa chongomukomera. Mlandu si wa anawo; amalemba zimene akudziwa kuti zidzafunsidwa. Koma mphunzitsi atapatula mphindi zochepa n'kuwerenga mokweza ndime imodzi ya makambirano a akuluakulu, kusintha mawu pa munthu aliyense monga amachitira wosimba nthano, ana ena angamve kwa nthawi yoyamba kuti bukuli lidalembedwa ndi munthu amene ankasankha mawu.

Ndipo pali mabuku amene sitingawabwereze chifukwa sitiwapeza. Ntara yemweyo adalembanso Nchowa, nkhani ya mzimayi, ndi Msyamboza, mbiri ya mfumu ya ku Dowa, kuwonjezera pa Mbiri ya Achewa. E.J. Chadza adatisiyira Ntchito ya Pakamwa ndi Kokha Mcheperawakalulu. Buku likachoka pa mndandanda wa mayeso limayamba kusowa m'masitolo, ndipo wolifuna amakalisaka ku laibulale kapena kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe ndi ku Lilongwe. Osindikiza amene angawatulutsenso akhoza kukonza kalembedwe ka zilembo kuti kagwirizane ndi malamulo a lero, monga kuika "ch" pamene akale ankalemba "c" yekha. Koma mawu akalewo ndi kayalidwe ka ziganizo azisiye mmene alembi adaziyalira, ndipo mawu ovuta awamasulire kumapeto kwa buku.