Wophedwa Wopanda Dzina

M'buku la Albert Camus la 1942, L'Étranger, Meursault awombera Mwarabu pagombe ku Algeria, nati dzuwa ndilo lidamchititsa. Mlandu saukana, koma chisoni alibe. Ambiri amamtama kuti sanama. Ife tikuti kusanama pakokha sikukwanira. Wochimwa wodziwa kuti walakwa, khomo la kulapa likadali lotsekuka kwa iye. Koma amene chabwino ndi choipa amaziona chimodzimodzi wadzitsekera yekha khomolo. Chotiwawa koposa n'chakuti mlembiyo sadampatse dzina wophedwayo, ndipo bwalo lamilandu litanganidwa ndi zoti Meursault sadalire pamaliro a mayi ake. Kamel Daoud ndiye adadzamutcha Musa mu 2013. Ana athu akaliwerenga, tiwafunse: Mwarabu uja adamlira ndani?