Kuona Maso a Nkhono: Kope la Wophunzira Zojambulajambula ndi Zithunzi za Moyo wa ku Migodi

Mawu oyamba

Mudzi wa Robega uli kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Rustenburg m'dziko la South Africa, m'dera la anthu a mtundu wa Bafokeng. Mudziwu, pamodzi ndi midzi yoyandikana nawo ya Chaneng, Mafenya ndi Rasimone, udakhala pamwamba pa miyala ya pulatinamu, ndipo migodi ya Bafokeng Rasimone ndi Styldrift, imene idalowa m'manja mwa kampani ya Impala Platinum mu 2023, ili pakhomo penipeni. Mwana wa kudera lotere akapeza mwayi wophunzira zojambulajambula kusekondale, silabasi ya dzikolo imamulamula kusunga kope limene amalitcha sourcebook. M'kopemo ndi m'mene amazoloweretsa dzanja: lero ajambula jombo za atate ake zili pakhomo, mawa ndowa ndi beseni, mkuja nkhope ya mnzake akuwodzera m'minibasi. Kopelo limachongedwa ndipo lili ndi malikisi akeake, pambali pa chithunzi chimene wamaliza ndi penti.

N'kosavuta kuliona kopeli ngati msasa umene mlenje amausiya ulenje ukatha. Wophunzira angathe kufunsa kuti: pamalo pamene anthu amafera pansi pa nthaka, pamene apolisi adawombera anthu masanasana, kujambula ndowa kuli ndi phindu lanji? Nkhani ino ikuyankha funso limeneli pounika ntchito zingapo zotchuka zokamba za moyo wa ku migodi. Mfundo yathu ndi yakuti mphamvu ya ntchito zimenezi idachokera m'kuyang'anitsitsa tinthu ta m'nyumba, ndipo pamene mmisiri adataya tinthu timeneti, munthu wa mumgodi adatayika nato.

Mapiki ndi kandulo: Gerard Sekoto

Wophunzira wathu amakumana ndi dzina la Gerard Sekoto m'maphunziro a mbiri ya luso. Sekoto adabadwa mu 1913 ku Botshabelo ndipo adamwalira mu 1993 ku France, kumene adasamukira mu 1947. Poyamba adali mphunzitsi, koma mu 1938 adasiya choko napita ku Sophiatown kukakhala wojambula. Mu 1940 nyumba yosungira zaluso ya Johannesburg Art Gallery idagula chithunzi chake, ndipo chidali choyamba cha munthu wakuda kulowa m'nyumbamo.

Chithunzi chake chodziwika kwambiri ndi Song of the Pick, kunena kuti nyimbo ya piki, chimene adachijambula cha m'ma 1946 ndi 1947. Amuna akuda aima pamzere, mapiki ali m'mwamba pakamodzi, miyendo yaponda mofanana. Chapatali pang'ono paima kapitawo wachizungu, manja ali m'thumba, kaliwo ali kukamwa. Amunawa akukumba pamtunda, koma aliyense amene adamvapo nyimbo ya anthu olima pagulu amamva kugunda kwake m'mizere ya mapikiwo. Sekoto adachepetsa kapitawo nakuza antchito, kotero kuti woona amadzifunsa chimene chingachitike mapikiwo atatembenuka. Apa luso lake silikayikitsa. Komabe mphamvu imeneyi ili ndi mtengo wake. Nkhope za amunawa sizioneka bwino. Onse asanduka thupi limodzi. Sitingadziwe amene ali ndi mwana wodwala kumudzi, kapena amene adachokera ku Nyasaland.

M'zaka zomwezo Sekoto adajambula chithunzi china chodekha chotchedwa Mine Boy. Mulibe munthu. Muli mpando, kandulo, ndi buku la Peter Abrahams la dzina lomwelo limene lidatuluka mu 1946, lokamba za mnyamata wobwera kudzagwira ntchito ku migodi ya Johannesburg. Uwu ndi mtundu wa ntchito imene mphunzitsi aliyense amapatsa ophunzira achaka choyamba: sanjani zinthu zitatu, muzijambule monga zilili. Koma taonani zimene zinthu zitatuzi zikunena. Mpando ukugwira ntchito ya tebulo, zimene zikutiuza kuchepa kwa chipindacho. Kandulo ikutiuza kuti magetsi amene amaunikira mzinda wa golide sadafike kuno. Buku likutiuza kuti m'chipindamo muli munthu wakuda amene usiku amawerenga nkhani ya anthu ake yolembedwa ndi mnzake. Ife tikuona kuti munthu amene adasowa pamzere wa mapiki akupezeka pampando wopanda munthuwu.

Makala ndi khofi: William Kentridge

Ntchito yachiwiri ndi filimu yaifupi yotchedwa Mine, imene William Kentridge wa ku Johannesburg adapanga mu 1991. Kapangidwe kake n'kofanana ndi ntchito ya m'kope. Amajambula ndi makala papepala, natola chithunzicho ndi kamera, nafufuta pang'ono, najambulanso, natolanso. Makala safufutika kotheratu, choncho chilichonse chimene chayenda chimasiya mkwasa wake. Pepala limakumbukira.

M'filimuyi mwini migodi, Soho Eckstein, ali pabedi ndi chakudya cham'mawa. Pambali pake pali chiwiya chopangira khofi, chija chokhala ndi kachitsulo kamene munthu amakakankhira pansi kuti masese atsalire. Soho akakankha kachitsuloko, sikaima: kaboola bedi, kasanduka chobowolera miyala, katsika kudutsa m'mabafa ndi m'malo ogona a antchito mpaka m'matanthwe a pansi, ndipo njira za mumgodi zifanana ndi chithunzi chakale chija cha ngalawa yonyamula akapolo. Kentridge mwiniwake adafotokozapo kuti ganizo limeneli lidabwera chifukwa chiwiya chotere chidali pafupi naye tsiku limene ankasowa njira yotulutsira Soho pabedi n'kumulumikiza ndi mgodi. Mbiri yonse ya chuma ndi thukuta idalowera pa kanthu ka pakhitchini.

Koma nayonso filimuyi ili ndi malire ake. Ulendo wa diso ukuyambira pabedi la bwana. Antchito tikuwaona monga m'mene bwanayo angawaonere atasuzumira: mitu yondandalikidwa m'mashelefu, matupi osadziwika maina. Kentridge adachita dala kuti aonetse nkhanza ya kaonedwe kameneka, ndipo adakhoza. Chimene sadathe kutipatsa ndi m'mene dziko limaonekera kwa munthu amene wagona pashelefupo, kapena kwa mwana wake amene akudikira pakhomo. Mpata umenewu ndi wa mwana wa ku Robega.

Bulangete lobiriwira

Pa 16 Ogasiti 2012 apolisi adapha anthu 34 ku Marikana, kum'mawa kwa Rustenburg. Anthuwa adali ogwira ntchito mumgodi wa Lonmin ndipo ankanyanyala ntchito pofuna malipiro a R12,500 pamwezi. Mmodzi mwa atsogoleri awo, Mgcineni Noki, amene adaphedwa tsiku lomwelo, ankafunda bulangete lobiriwira, ndipo chithunzi chake chidafalikira dziko lonse. Gulu la Tokolos Stencil Collective lidachidinda pamakoma a mzinda wa Cape Town pofuna kuti anthu asaiwale.

Palibe angatsutse kufunika kwa chizindikiro chotere. Vuto limadza pamene wophunzira wa kudera la pulatinamu apatsidwa mutu wakuti ajambule za kwawo, iye n'kuthamangira pa intaneti kukakopera bulangetelo. Apo wajambula chithunzi cha chithunzi. Chinthu chikadindidwa kambirimbiri chimasanduka mbendera, ndipo mbendera ilibe fungo. Chikhalirecho bulangete ndi chinthu cha m'nyumba: limagulidwa, limachapidwa, limayanikidwa pachingwe, limathothoka ubweya m'mphepete. Amene adaphunzira kujambula mapindidwe a bulangete la pabedi pake ndiye angathe kubwezera umunthu m'chizindikirocho.

Umboni wa zimenezi ndi zojambula za akazi amasiye a ku Marikana. Mu 2013 bungwe la Khulumani Support Group, mothandizana ndi mmisiri Judy Seidman, lidasonkhanitsa ena mwa amayiwa kuti afotokoze ndi penti za moyo wawo imfa isanadze ndi pambuyo pake. Amayiwa sadali akatswiri a luso, ndipo mphunzitsi wolimbikira malamulo a kukula ndi kuchepa kwa zinthu angapezemo zolakwa. Koma zojambula zawo zimaonetsa mbali imene kamera za atolankhani, zimene zidaloza paphiri lija, sizidaione: nyumba imene yatsala.

Chimene ife tidataya

Nkhaniyi si ya anthu a ku South Africa okha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya dzikolo kudzera ku Wenela. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchitoyi. Ulendowu udayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, n'kudzathera mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi pofufuza HIV.

Zaka zonsezi zidatisiyira mawu monga Joni ndi mtchona, zidatisiyira nyimbo, zidatisiyira masutikesi, njinga, mawailesi ndi makina osokera. Koma tikafuna kuona ndi maso m'mene agogo athu ankagonera kukomboni, timabwereka maso a ena: a Ernest Cole, amene ankazembetsa kamera yake polowa m'migodi ndipo buku lake la House of Bondage lidatuluka mu 1967, kapena a David Goldblatt m'buku la On the Mines la 1973. Zithunzi zimenezi n'zamtengo wapatali, koma sizitiuza kuti Mchewa wa ku Dedza kapena Mtonga wa ku Nkhata Bay adapachika chiyani pamutu pa bedi lake, kapena ankasunga pati kalata yochokera kwa mkazi wake. Kope limodzi lokha la mtchona wodziwa kugwira pensulo likadatiyankha mafunso amene manambala a Wenela sangayankhe.

Kuti kanthu kakang'ono kangathe kusenza mbiri, mmisiri wathu Samson Kambalu, amene adaphunzira ku Chancellor College ku Zomba, adationetsa. Chiboliboli chake cha Antelope, chimene chidaimikidwa ku Trafalgar Square mumzinda wa London mu 2022, chidachokera pa chithunzi cha 1914 cha John Chilembwe ndi mnzake John Chorley. Mtima wa ntchito yonseyo ndi chipewa chimene Chilembwe sadavule, panthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Ambiri adachiona chithunzicho. Amene adaona chipewa ndi uyo adazolowera kuyang'anitsitsa.

Kodi foni siyokwanira?

Wina anganene kuti masiku ano mwana aliyense ali ndi kamera m'thumba, choncho pensulo yatha ntchito. Yankho lathu ndi lakuti foni imatola zonse m'kamphindi, pamene wojambula ndi dzanja amakakamizika kusankha. Kuti ajambule jombo ayenera kukhala nayo ola lathunthu, ndipo m'ola limenelo amazindikira kuti chidendene chakumanzere chidadyeka kuposa chakumanja, kusonyeza kuti mwini wake amatsimphina. Kuti ajambule mlendo wochita lendi kuseri kwa nyumba ya agogo ake, kaya ndi wa ku Lesotho, ku Mozambique, ku Eastern Cape kapena ku Malawi, ayenera kumupempha, kukhala naye pansi ndi kumva dzina lake. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kope ndi sukulu ya kudekha kumeneko.

Izi zikukhudzanso phunziro la kukonza maonekedwe a zinthu, monga zikwangwani, nsalu ndi zizindikiro za makampani. Kudera la migodi, amene ali ndi ndalama zolembera mmisiri ntchito nthawi zambiri ndi mgodi womwewo. Wophunzira amene sadadzaze kope lake ndi nkhope zenizeni adzangobwereza munthu womwetulira wovala chisoti choyera amene timamuona m'malipoti a makampani. Amene adajambulapo manja a atate ake akuchokera kushifiti yausiku adzazengereza asanajambule bodza lotere.

Mawu omaliza

Taona kuti Sekoto adapeza munthu wa ku migodi pampando ndi kandulo, Kentridge adapeza mgodi m'chiwiya cha khofi, ndipo amayi a ku Marikana adabwezera nyumba m'nkhani imene idasanduka chizindikiro. Taonanso kuti pamene ntchito zotchukazi zidafuna kukamba za gulu lonse pakamodzi, nkhope ndi maina zidasowa. Pempho lathu kwa aphunzitsi a luso, kaya ku Rustenburg, ku Zomba kapena ku Lusaka, ndi lakuti pochonga kope asawerenge masamba odzaza ndi zomatamata zochokera pa intaneti. Afunse wophunzira kuti chinthu ichi adachiona kuti, ndi chayani, ndipo adakhala nacho nthawi yaitali bwanji. Pempho lathu kwa osunga mabuku ndi zakale ndi lakuti makope otere asamatayidwe mayeso akatha. Mgodi uliwonse uli ndi tsiku lotsekedwa, monga idatsekedwera migodi yambiri ya golide imene agogo athu adakumba. Pulatinamu akadzatha pansi pa Robega, wofuna kudziwa m'mene anthu ankakhalira pamwamba pake adzafunika tsamba lija la jombo ziwiri zili pakhomo, lolembedwa tsiku ndi dzina la mwini wake.