Mau a Malemu pa Msika: Kuunika Nyimbo ya "Mo Money Mo Problems"

Pa 9 Malichi 1997, mu mzinda wa Los Angeles, munthu wina adaombera ndi kupha Christopher Wallace, mnyamata wa ku Brooklyn wa zaka 24, amene anthu ankamdziŵa ndi dzina lakuti The Notorious B.I.G. Patangopita masiku 16, chimbale chake chachiŵiri chidatuluka. Dzina lake ndi Life After Death, ndiye kuti moyo wa pambuyo pa imfa. Dzinali lidaasankhidwa mwiniwake akali moyo, choncho tisafulumire kulisandutsa ulosi.

M'chimbale chimenechi ndimo mudachokera nyimbo imene tikuiunika pano. Idatulutsidwa payokha mu Julayi chaka chomwecho, ndipo kumapeto kwa Ogasiti idakhala yoyamba pa mndandanda wa Billboard ku America. Nyimbo imene idaichotsa pampandopo ndi "I'll Be Missing You", ya maliro a Wallace yemweyo, yoimbidwa ndi Puff Daddy pamodzi ndi Faith Evans, mkazi wamasiye wa malemuyo. Chaka chisanathe n'komwe, chisoni chidapatukira gule.

Kunena za luso, palibe chodandaulitsa. Chimake cha nyimboyi adachitapa m'nyimbo ya Diana Ross ya 1980, "I'm Coming Out", yodzaza ndi chimwemwe. Mase ndi Puff Daddy ndiwo amayamba, Kelly Price namaimba mau obwerezabwereza. Wallace amabwera pomalizira, ndi liwu lolemera koma losapunthwa, ngati la munthu wamkulu thupi amene amavina mopepuka. Amene amati uku n'kungolongolola chabe sadamvetsere bwino. Mutu wake nawonso si wachilendo kwa ife: chuma chikachuluka, mavuto amachuluka. Mlaliki adaziona kale zimenezi, ndipo fanizo la wachuma wopusa pa Luka 12 likunena zoposa pamenepo.

Tsono vuto lili pati? Lili pa chimene nyimboyi imachita, osati pa chimene imanena. M'kanema wake, wokonzedwa ndi Hype Williams malemuyo atamwalira kale, anzake aŵiri akuvina atavala zovala zonyezimira, pamene iye akungooneka m'zithunzi zakale. Wakufayo waitanidwa ku phwando limene sangathe kulikana. Ndipo chenjezo lake lokhudza ndalama ndilo lidasanduka ndalama.

Pano ndikumbuka Plato. M'buku la Phaedrus, Socrates akudandaula kuti mau olembedwa ali ngati mwana wopanda bambo wake pafupi: ukaŵafunsa funso amangobwereza zomwezo, ndipo akanyozedwa sangadziteteze. Liwu lojambulidwa ndi lamasiye koposa, pakuti limanyenga khutu. Timamva mpweya wa munthu, kuseka kwake, kudzitama kwake, zonse ngati zalero, nkuiŵala kuti mwiniwake sangalape ngakhale liwu limodzi, sangasinthe maganizo, sangakule. Ali ndi zaka 24 mpaka kalekale, ndipo ena ndiwo amasankha chimene anene ndi nthaŵi yoti achinene.

Eklezia nayenso amasunga maina a akufa, koma mwanjira ina. Pa Misa timatchula malemu osati kuti atisangalatse, koma kuti timpempherere, popeza timakhulupirira kuti nkhani yake sidathere m'manda, ndipo ili m'manja mwa Wina amene sagulitsa. Tisadzitame msanga, abale anga ansembe. Ndani mwa ife sadamvepo ulaliki wa pa maliro umene umakometsa wakufa kuti ukondweretse amoyo, makamaka ngati banja lake ndi lopata?

Sindikuti achinyamata a m'maparishi mwathu aleke kuimvera nyimboyi. Ngakhale nditatero sangandimvere, ndipo inenso phazi limandigwedezeka ikamalira. Koma Wallace ali mwana adaphunzirapo pa sukulu ya Katolika ya Queen of All Saints ku Brooklyn, ndipo kufikira lero palibe munthu amene bwalo lidampeza wolakwa pa imfa yake. Pomvera ndime yomaliza ija, ine zimandivuta kuziiŵala ziŵirizi.