Kodi Bruce Lee Angakupulumutseni Usiku?

Anzanga acinyamata, ndani mwa inu sanaonepo filimu ya Bruce Lee yochedwa Enter the Dragon? Inatuluka m'caka ca 1973, caka comwe iye anamwalira, koma mpaka lero anyamata athu kuno kwa Nsefu amaionera pa foni, kenaka n'kumaponyerana matece kuseri kwa chalichi. Mwezi watha mmodzi wa iwo anayesa kuponya tece kwa munthu woledzera amene anafuna kumulanda njinga. Anaterereka pamcenga nagwa cagada, ndipo woledzerayo anamuceka ndi botolo losweka. Cipsera cili patsaya mpaka lero.

Filimuyi ndi yokoma, sindikana. Liwiro la Bruce Lee silinali labodza. Koma penyetsetsani pamene akumenyana ndi alonda ambiri m'phanga muja. Amabwera mmodzimmodzi, aliyense kudikira nthawi yake ngati pa cigayo. Kodi acifwamba a pa njira ya ku Mfuwe adzakucitirani ulemu wotere? Iyayi. Wina adzakugwirani kumbuyo pamene mwendo wanu uli m'mwamba.

Nanga ndi luso liti limene limathandizadi? Mu 1993, ku Denver m'dziko la America, anakumanitsa akatswiri a maluso osiyanasiyana pa mpikisano woyamba wa UFC. Anapambana ndi Royce Gracie wa ku Brazil, munthu wocepa thupi, amene anali kugwetsa anzake pansi ndi kuwapana pakhosi mwa luso la jiu-jitsu. Ambiri anaphunzirapo kuti tece lokongola silipindula munthu akakugwira. Komabe kumbukirani kuti kumeneko kunalibe mpeni, ndipo mdani anali mmodzi yekha. Kugubuduzika pansi ndi wakuba pamene mnzake waima pambali ndi cibonga n'kudziitanira maliro.

Nkhonya, masewera amene anachukitsa Lottie Mwale ndi Esther Phiri, zili ndi ubwino wake: wophunzira amamenyedwa zenizeni, motero sacita mantha msanga ndipo amadziwa kuchinga mutu. Judo, imene Bambo Jude McKenna anaiphunzitsa kwa zaka zambiri m'Zambia muno, imayamba ndi kukuphunzitsani kugwa osavulala. Mnzathu wa njinga uja akadadziwa zimenezi. Karate nayonso ndi yabwino ngati muli ndi mphunzitsi ndiponso mnzanu wokana kugonja. Koma yophunzira pa foni, kumenya mphepo pansi pa mtengo wa mango, imangokupatsani mtima wodzikuza.

Mbali yanzeru kwambiri m'filimu yonseyi ndi ija anyamata amaidumpha. Pa combo paja munthu wamwano aputa Bruce Lee. Iye amuuza kuti akamenyanirane pa cisumbu, ndipo wamwanoyo atangotsikira m'kabwato, amusiya akuyandama pa cingwe. Nkhonya sinaponyedwe ngakhale imodzi.

Ife a m'cigwa ca Luangwa nzeru imeneyi tiidziwa kale. Palibe amene amaimirira njovu m'munda kuti aionetse lamba wakuda. Timayenda awiriawiri, timapewa mdima, timakuwa kuti mudzi umve. Citani cimodzimodzi ndi munthu wa mpeni. Alongo anga, wina akakugwirani, kuwani mwamphamvu, mumenyeni pamphuno kapena pakati pa miyendo, thawirani kumene kuli anthu, ndipo mukanene kwa makolo ndi kupolisi.

Phunzirani masewerawa ngati mwapeza mphunzitsi weniweni, thupi lidzalimba. Koma wakuba akatulutsa mpeni, m'patseni njingayo. Ina mudzagula mukakolola thonje.