Kubwereza Mau M'timabuku ta Ulimi

Pamisonkhano yathu ya alembi timakonda kukangana za ndakatulo, chonsecho zolemba zimene zimafika m'manja mwa anthu ambiri kumudzi ndi timabuku ta malangizo a ulimi. Ndikufuna tiziikenso izi pa muyeso, pakuti zikalakwika imapepuka ndi nkhokwe.

Akonzi ambiri a timabukuti amathera mphamvu zao pa malamulo a kalembedwe. Sindikuwanyoza ai. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulowa mu 1973, nkuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo ndi bwino kuwatsata. Koma ngakhale lamulo likuti "r" azibwera pambuyo pa "e" ndi "i", mlimi akawerenga "kupalila" m'malo mwa "kupalira" adzapalirabe munda wake.

Chimene ndikuumirira ine nchakuti dzina la chinthu lisamasinthesinthe. Aphunzitsi a chimangirizo anatiphunzitsa kuti kubwereza liu ndi umphawi wa nzeru, ndipo mlembi wophunzira amalowa ndi mantha omwewa m'kabuku ka ulimi. M'ndime yoyamba alemba "feteleza wokulitsa", m'ndime yachiwiri "feteleza woyamba", m'ndime yachitatu "23:21:0+4S". Kwa iye uku nkukometsa nkhani. Kwa mlimi, amene akuwerenga kwinaku akuwerengera ndalama za m'thumba, awa ndi matumba atatu osiyana. M'nthano kusintha liu kumasangalatsa. M'malangizo kumatanthauza kuti chinthu nacho chasintha. Miyeso nayo chimodzimodzi. Hekitala ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, tsono kabuku koyamba ndi hekitala nkutsiriza ndi ekala kangachititse munthu kuthira feteleza wa munda waukulu pa kamunda kakang'ono.

Komabe ndisanamize anzanga kuti mau akangofanana ndiye kuti zonse zatheka. Kabzalidwe kakale ka chimanga kanali ka mizere yotalikirana masentimita 90, mapando masentimita 90, mbeu zitatu pa phando: mapesi pafupifupi 37,000 pa hekitala. Njira imene alimi amaitcha ya Sasakawa imati mizere masentimita 75, mapando masentimita 25, mbeu imodzi: mapesi pafupifupi 53,000. Tiyerekeze kuti mlembi watenga mipata ya njira yatsopanoyi koma wasunga mbeu zitatu za njira yakale. Chiganizo chake chidzakhala chosalala, "r" aliyense pamalo pake, maina onse ofanana kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Koma m'munda mudzamera mapesi 160,000 othinana, olimbirana chakudya ndi dzuwa.

Mkonzi wa chinenero cholakwa chimenechi sangachione. Angachione ndi mlangizi wa zaulimi, ndipo nchifukwa chake ndikuti kabuku kayambe kadutsa kwa iye, ndi cholembera chake, kasanafike kwa ife okonza mau.