Kodi Mpezeni Anagulitsa Dziko? Kusanthula Mawu a M'makalata a Malo

Mwa zolembedwa zakale zokhudza dera la Mchinji ndi la Chipata, zimene zinasautsa anthu koposa ndizo makalata a malo amene Azungu anali kulemba pamene anafika kwa mafumu. Makalata amenewa ayenera kuwerengedwa monga momwe munthu awerengera nthano: afunse amene akulankhula, chinenero chimene akulankhula, ndi amene wakhala chete.

Carl Wiese, Mjeremani wochita malonda, anakhala nthawi yaitali kwa Mpezeni, mfumu ya Angoni, ndipo anatuluka kumeneko ali ndi pepala lonena kuti mfumuyo inampatsa mphamvu pa dziko ndi miyala yake. Mwa pepala limeneli kunabadwa kampani ya North Charterland m'chaka cha 1895, ndipo inalandira dziko la mamailosi 10,000 a sikweya kutsidya kwa malire. Mu Januwale 1898 nkhondo inagwa, Angoni anagonja, Nsingo mwana wa Mpezeni anaphedwa, ndipo ng'ombe zambiri zinalandidwa. Linga la Fort Manning, limene dzina lake linali dzina la boma la Mchinji m'masiku a atsamunda, ndi la nyengo yomweyo.

Cholakwa chachikulu cha makalata otere chili pa mneni mmodzi, ndiye “kugulitsa”. Pa Chichewa munthu agulitsa mbuzi, nkhuku kapena mchere, ndipo chogulitsidwacho chichoka m'manja mwake osabweranso. Koma malo munthu amapempha, mfumu ndi kumpatsa. Nsalu kapena mfuti imene mlendo apereka ili mphatso yothokoza, si mtengo wa nthaka. Ngakhale mawu akuti “mwini dziko” satanthauza munthu amene dziko lili chuma chake. Atanthauza wosunga dziko m'malo mwa mizimu, anthu amoyo ndi ana osabadwa. Akulu anati mlendo ndi mame, ndipo mfumu yolandira mlendo inali kuyembekeza kuti iye adzapita, malo adzatsala. Tsono pepala linanena chinthu chimene pakamwa sipananene. Palinso funso lina limene pepalalo silinayankhe: Angoni anapeza Achewa ndi Ansenga m'dzikomo, ndipo mafumu akale monga Mkanda anali ndi mawu awo pa nthakayo.

Mu Nyasaland, Harry Johnston anayamba m'chaka cha 1892 kufufuza malo amene Azungu anati anagula, napereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Zikalata zimenezi ziyenera kuyamikidwa pa chinthu chimodzi: zambiri zinali ndi mawu oletsa kuchotsa midzi ndi minda imene inalipo kale. Koma wolembayo anaona mudzi monga chinthu chosasuntha. Mlimi wa kuno anali kusiya tsala nthaka ikaguga, nakatsegula mphanje kwina, ndipo mudzi unali kusamuka. Munthu akangosamuka, chitetezo chija chinali kutha. Pamenepo mawu okoma akuti “thangata”, amene kale anali kunena za kuthandizana pa ntchito, anasanduka dzina la ntchito yolipirira malo, ndipo kuwawa kwake kunali chimodzi mwa zifukwa za nkhondo ya John Chilembwe mu 1915.

Zoterezi zinachitikanso ku America. M'chaka cha 1626 Adatchi anatenga chisumbu cha Manhattan, ndipo kalata ya Pieter Schagen inena kuti anachigula ndi katundu wa magilda 60. Mawu a eni dziko mulibe m'kalatamo. Mu 1737 ana a William Penn ku Pennsylvania anaonetsa anthu a mtundu wa Lenape pepala lonena za dziko limene munthu angayende pa tsiku limodzi ndi theka. Kenaka analambula njira, nalemba amuna aliwiro, kotero kuti dziko lotengedwa linakula koposa chimene eni ake anaganiza. Kumeneko mkangano unali pa mneni “kuyenda”, monga kuno unali pa “kugulitsa”.

Pa chifukwa ichi makalatawa ali mboni yabwino ya zimene wogula anafuna, koma mboni yofooka ya zimene mfumu inavomera. Boma la Northern Rhodesia linachita kugula malo ambiri a North Charterland mu 1941 kuti anthu opanikizana apeze polima, ndiko kuti dziko linaomboledwa ndi ndalama kwa amene analitenga ndi pepala.

Nkhaniyi ikhudza mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale, pakuti lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yakuti mabanja alembetse minda yawo, ndipo m'midzi yambiri mphunzitsi ndiye amene anthu amampempha kuti awawerengere pepala asanadinde chala. Kuli bwino kuti aphunzitse ana kusiyanitsa kupatsa, kubwereketsa, kupinyolitsa ndi kugulitsa, nawatume kukafunsa agogo awo mawu amene mfumu inanena popereka munda wa banja lawo. Mwana wodziwa kulemera kwa mawu anayi amenewa sadzafulumira kusaina chimene sanachimvetse.